Alamu isanakhale phokoso la pa foni, inali mfuwu ya nkhondo

Mawu akuti alamu tinawazolowera moti sitiwaonanso ngati achilendo. Timati "ndatchera alamu ya 5 koloko", kutchera komwe kuja timatchera msampha wa mbewa, ndipo palibe amafunsa kuti tikutanthauza chiyani. Mwana wa pulayimale amawadziwa, agogo amene adzukulu anawagulira foni nawonso amawadziwa. Tinawatenga ku Chingerezi, ku mawu akuti alarm. Koma Angerezi nawonso anangobwereka kwa Afalansa, Afalansa anatenga kwa Ataliyana, ndipo kumene anayambirako silinali dzina la chinthu chilichonse. Kunali kukuwa kwa munthu amene waona adani akubwera.

Pa Chitaliyana ankakuwa kuti all'arme! Tanthauzo lake ndi "ku zida!", kuti aliyense asiye zimene akuchita athamangire kumene kuli lupanga lake, mkondo wake, uta wake. M'zaka za m'ma 1300 Italy sanali dziko limodzi ngati lero. Florence, Pisa, Siena, Milan ndi Venice inali mizinda yodzilamulira yokha, yolemera ndi malonda, ndipo inkakhalira kumenyana. Anthu amalonda sakonda kufera kunkhondo, choncho mizindayi inkalemba ganyu asilikali ochokera kulikonse: Ajeremani, Afalansa, a ku Hungary, Angerezi. Mmodzi wa aganyu otchuka anali Mngerezi, John Hawkwood, amene anamenyera nkhondo Pisa, Milan, Papa, kenako Florence, kumene anamwalira mu 1394. Mpaka lero chithunzi chake ali pa hatchi chili pa khoma m'tchalitchi chachikulu cha mu mzindawo. Kumene asilikali a zinenero zosiyana amagona msasa umodzi, mawu oyamba kuwaphunzira ndi amene angakupulumutse usiku. Afalansa anawalumikiza n'kukhala alarme, ndipo zaka za m'ma 1300 zisanathe anali atalowa m'Chingerezi. Pambuyo pake mawu ena a nkhondo anadzera njira yomweyo ya Italy ndi France, monga infantry, cavalry, battalion ndi colonel.

Chimene chimandikopa ine n'chakuti mawuwa anabadwa ali lamulo. Sankangonena kuti kunja kwaopsa. Ankakuuza chochita, ndipo chochitacho chinali chimodzi.

Pofika nthawi ya William Shakespeare, kumapeto kwa zaka za m'ma 1500, Angerezi ena ankawatchula mogudubuza lilime pa r, n'kumamveka kuti alarum. M'masewero ake a nkhondo mawuwa amapezeka kawirikawiri m'malangizo a ochita sewero. Pakalembedwa Alarum, ndiye kuti kuseri kwa siteji wina aombe ng'oma, wina alize lipenga, oonerera adziwe kuti kwagundika nkhondo. Apa mawu aja achoka kale pakamwa pa mlonda, asamukira ku chida choliza. Kenako anasamukira ku belu la m'mudzi, ku wotchi, ku waya wa magetsi. Anasamukiranso mkati mwa munthu, n'kuyamba kutanthauza mantha amene amakugwira ukamva mfuwuyo.

Ajeremani ndiye anapita nawo patali. Anatenga mawu omwewa, n'kutaya a wa kutsogolo, ndipo lero ali ndi mawu akuti Lärm. Tanthauzo lake ndi phokoso basi. Phokoso la makina, la magalimoto pamsewu, la ana a neba. Kuchoka pa "ku zida!" kufika pa "phokoso": ulendo wonse wa mawuwa ndi umenewu, ndipo sindikhulupirira kuti zinangochitika mwangozi.

Kagwiritsidwe kake m'Chingerezi cha masiku ano kali ndi mbuna zingapo. Yoyamba ndi yakuti the alarm went off. Munthu amene anaphunzira kusukulu kuti off ndi kuzimitsa amamva ngati alamu yazima. Ayi ndithu, yalira. Mngerezi amanenanso chimodzimodzi mfuti ikalira kapena bomba likaphulika, ngati kuti mawuwa sanaiwale kwawo. Akafuna kunena zozimitsa amati turn off kapena switch off. Munthu woyamba kuona ngozi n'kudziwitsa ena amati wachita raise the alarm kapena sound the alarm, ndipo apa ndi pamene tanthauzo lakale lija likadali lamoyo. Nkhani yodetsa nkhawa amati ndi alarming. Akuluakulu a boma akafuna kukhazika anthu mtima pansi amakonda kunena kuti there is no cause for alarm, mawu amene ine ndikawamva pa wailesi ndimayamba kuda nkhawa kumene. Ndipo munthu amene amangokhalira kuopseza anzake ndi zinthu zimene sizichitika amamutcha alarmist, lomwe ndi dzina lonyoza. Andale amalikonda kwambiri, chifukwa ukamutcha munthu dzina limeneli sufunikanso kuyankha zimene wanena.

Ku Britain, pa zitseko zotulukira pangozi m'masitolo ndi m'maofesi, amamata chikwangwani chakuti This door is alarmed. Akutanthauza kuti chitsekocho chili ndi alamu, ukachitsegula ilira. Koma mawu omwewo amamvekanso kuti chitseko chachita mantha, ndipo eni chinenero amaseka nazo okha.

Alarm ali ndi m'bale wake, alert, amenenso kwawo ndi ku Italy. Anachokera ku all'erta, ndipo erta ndi chitunda, malo okwera kumene mlonda amaima kuti aone patali. Mawu awiriwa anthu amawasokoneza, koma ukadziwa kumene anachokera kusiyana kwake kumaoneka kokha. Alert ndi mlonda ali pa chitunda, maso ali tcheru. Alarm ndi mlonda yemweyo atayamba kukuwa. Mawu amene Angerezi anali nawo kale, asanabwereke awiriwa, ndi warn, ndipo amenewa ndi aja ife timati kuchenjeza kapena kutsina khutu. Safuna phokoso. Mnzako akhoza kukuchenjeza monong'ona, sabata isanafike ngoziyo.

Nanga mawu a nkhondo anafika bwanji pa mutu wa bedi?

Mawotchi oliza belu pa nthawi yoikika analipo ku Ulaya kalekale, koma anali a anthu olemera ndi a m'nyumba za amonke. Ku America amakonda kutchula Levi Hutchins wa ku Concord, m'chigawo cha New Hampshire, amene mu 1787 anadzipangira wotchi yomudzutsa. Inkalira 4 koloko m'mawa basi, nthawi imene iye ankadzuka, ndipo panalibe njira yoisinthira. Yotheka kuitchera nthawi imene mwini wake akufuna anailembetsa ku boma ndi Mfalansa wina, Antoine Redier, mu 1847. Ngakhale zinali choncho, ogwira ntchito m'mafakitale a nsalu ku Manchester ndi m'matauni ena a ku Lancashire sakanatha kugula wotchi yodalirika, pomwe kuchedwa kuntchito kunkadulitsa malipiro. Ndiye panabadwa ntchito imene ndimaisirira ndikaiganiza. Munthu wotchedwa knocker-upper ankayenda m'misewu kusanache atanyamula ndodo yaitali, nthawi zambiri ya nsungwi, n'kumagogoda pa zenera la chipinda chapamwamba cha aliyense amene ankamulipira timakobidi pa sabata. Ku East End ya London kunali mayi wina, Mary Smith, amene ankauzira nsawawa zouma za mtundu wa nandolo kudzera m'kapaipi, zizikagunda pa galasi. Ntchitoyi inapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1940, ndipo m'madera ena kupyola apo.

Ena mwa ogogodawa sankachoka pa zenera mpaka mwini nyumba asonyeze kuti wadzuka. Alamu imeneyo inali ndi maso. Inkadziwa kuti nyumba iyi adzuke 4 koloko, iyo 5 koloko, ndipo yapakatiyo asaigogode chifukwa sinalipire. Ya pa foni yathuyi ilibe nazo ntchito. M'zaka za m'ma 1950 makampani a mawotchi ku America anawonjezera batani lakuti ukalidina alamu ikhale chete pang'ono n'kudzaliranso, lija amati snooze. Pa iPhone nthawi imene inakhazikitsidwa kuyambira kale ndi mphindi 9. Tangoganizani mlonda wa pa linga la Florence akukuwa kuti adani afika, asilikali n'kumuyankha ali m'bulangeti kuti abwerenso pakatha mphindi 9.

Alamu ya magetsi itangoyamba, anthu ake ankamvetsa bwino kuti phokoso lokha silithandiza. Mu 1852 mzinda wa Boston unaika mabokosi m'misewu, olumikizidwa ndi waya wa telegalafu ku ofesi imodzi. Anakonza zimenezi ndi William Channing ndi Moses Farmer. Munthu akaona moto ankathamangira ku bokosi lapafupi n'kupukusa chogwirira, ndipo bokosilo linkatumiza nambala yake. Wa ku ofesi ankaliza mabelu a mu mzinda mowerengera, kuti ozimitsa moto amve kuti moto uli dera liti. Belu limenelo linkanena zinthu ziwiri: kwabuka moto, ndipo pitani uko. Chaka chotsatira, mu 1853, Augustus Pope wa kufupi ndi Boston komweko analembetsa alamu ya magetsi yogwira akuba, yolira chitseko kapena zenera likatsegulidwa. Edwin Holmes anagula nzeruyo n'kukaichita malonda ku New York, kumene anthu ankaopa akuba kwambiri. Makampani onse achitetezo amene amamata zikwangwani zawo pa mageti a m'mayadi ku Lilongwe, Lusaka ndi Johannesburg ndi adzukulu a malonda amenewo.

Kumene ndimakhala kuli galimoto ina imene alamu yake tonse timaidziwa ngati nyimbo ya fuko. Imayamba ndi kulira kokwera ndi kotsika, kenako tiphokoso tating'onoting'ono todukizadukiza, kenako hutala. Ikalira bingu, imalira. Mphaka akalumphira pa boneti, imalira. Lole yolemera ikadutsa pamsewu wa fumbi kuseri kwa mpanda, imalira. Agalu a mbali yonseyo amayankha, nyumba ina mwana amadzuka n'kuyamba kulira, koma palibe chitseko chimene chimatseguka. Mwini wake amangotulutsa dzanja pa zenera, n'kudina rimoti, galimoto n'kuphethira magetsi kawiri, basi. Tsiku limene akuba adzaibwerere galimoto imeneyo adzagwira ntchito yawo mwaufulu, ife tikutembenuka pa bedi n'kumadandaula za mphaka.

Koma m'dera lomwelo mayi mmodzi atakuwa pakati pa usiku kuti "Wakuba! Wakuba kuno!", kapena wezulo ya achitetezo cha m'mudzi italira, zitseko zimatseguka nthawi imodzi. Abambo amatuluka ndi zibonga, ena atavala malaya mozondotsa, anyamata ali kale pa mphambano kutseka njira. Mfuwu imeneyo ndi all'arme weniweni. Ili ndi mwini wake amene timamudziwa mawu, ikunena chimene chachitika, ikunena malo, ndipo aliyense akudziwa mbali yake. Sindikuitamanda mopanda malire ayi. Mphamvu yomweyo ndi imene yaphetsa anthu osalakwa m'misika ndi m'madepoti mwathu, munthu wina atangoloza chala n'kukuwa, gulu n'kuweruza mlandu ndi miyala apolisi asanafike. Mfuwu imene anthu amaikhulupirira ikakhala yabodza imapha. Alamu imene anthu anasiya kuikhulupirira ikakhala yoona imaphanso. Angerezi zonse ziwirizi amazimangira pa mawu awiri aja, false alarm, amene pakamwa amamveka opepuka, ngati nkhani yoti tiseke n'kubwerera kukagona.

Anthu amene amayendetsa makina akuluakulu anaphunzira zimenezi mowawa. Pa 28 March 1979, cha m'ma 4 koloko m'mawa, zinthu zinasokonekera pa siteshoni yopanga magetsi ndi mphamvu ya nyukiliya ya Three Mile Island, kufupi ndi Harrisburg ku Pennsylvania. Valavu ina inatseguka kuti ichepetse mphamvu ya nthunzi, monga inayenera, koma sinatsekekenso, ndipo madzi oziziritsa anayamba kutayika. M'chipinda choyendetsera makina ma alamu oposa 100 analira m'mphindi zoyambirira. Panalibe njira yodziwira kuti wofunika ndi uti, wongotsatira ndi uti. Choipa koposa, kanyali ka pa bolodi kankaoneka ngati kakunena kuti valavu ija yatsekeka, pomwe kankangosonyeza kuti lamulo loti itsekeke latumizidwa. Ogwira ntchito, poganiza kuti madzi achuluka, anachepetsa madzi a pangozi amene makina anayamba kupopa okha. Panadutsa maola oposa awiri asanatseke njira imene madzi ankatayikira, ndipo pofika nthawi imeneyo mbali ya mtima wa makinawo inali itayamba kusungunuka. Chenjezo linalipo lochuluka zedi. Chinasowa ndi mawu amodzi onena chochita.

Pa Deepwater Horizon, nsanja yokumbira mafuta pa nyanja ya Gulf of Mexico, zinachitika mosiyana. Itaphulika pa 20 April 2010 n'kupha anthu 11, katswiri wa zamagetsi wa pa nsanjapo, Mike Williams, anauza ofufuza a boma kuti alamu yaikulu yochenjeza za mpweya woyaka ndi moto inatcheredwa mwakuti isamalire yokha. Chifukwa chimene anapatsidwa chinali chakuti akuluakulu sankafuna kuti anthu azidzutsidwa 3 koloko usiku ndi ma alamu abodza. Ndikawerenga zimenezi sindifulumira kuwaweruza, chifukwa maganizo amenewo ndi omwe aja a dzanja lotuluka pa zenera ndi rimoti. M'zipatala zikuluzikulu vutoli analipatsa dzina, alarm fatigue, kutopa nawo ma alamu. Makina oyeza kugunda kwa mtima ndi mpweya amalira tsiku lonse, ambiri popanda chifukwa chenicheni, mpaka khutu la namwino limasiya kuwamva.

Ku Hawaii, zilumba za dziko la America, Loweruka pa 13 January 2018, nthawi itangopitirira 8 koloko m'mawa, mafoni a anthu analira onse pamodzi. Uthenga wake unali womveka bwino kuposa alamu iliyonse imene ndatchula: mzinga woponyedwa kuchokera kutali ukubwera ku Hawaii, bisalani msanga, ndipo unathera ndi mawu akuti This is not a drill, kutanthauza kuti si zoyeserera. Inali nthawi imene America ndi North Korea ankaopsezana ndi zida za nyukiliya, choncho anthu anakhulupirira. Ena anadzitsekera m'zipinda zosambira ndi ana awo, ena anaimbira abale kutsanzikana. Kunalibe mzinga. Wogwira ntchito wina mu ofesi yoona za ngozi anatumiza uthengawo pa nthawi yoyeserera. Bwanamkubwa David Ige anauzidwa patangopita mphindi zochepa kuti n'zabodza, koma anachedwa kulengeza pa Twitter, ndipo pambuyo pake anavomera kuti sankadziwa pasiwedi ya akaunti yake. Uthenga wotsutsa unafika pa mafoni patatha mphindi 38. Ofesiyo inali ndi njira yokonzeka yotumizira mfuwu, koma inalibe yokonzeka yoibwezera.

Pali usiku umodzi umene mawuwa anabwerera ku tanthauzo lake loyamba, ku zida zenizeni. Pa 26 September 1983, Stanislav Petrov, msilikali wa udindo wa lieutenant colonel, anali pa ntchito ya usiku ku Serpukhov-15, malo obisika kufupi ndi Moscow kumene Soviet Union inkayang'anira zimene masetilaiti ake akuona. Panali patangopita masabata atatu kuchokera pamene ndege ya nkhondo ya dzikolo inagwetsa ndege ya anthu wamba ya ku South Korea n'kupha anthu 269, ndipo mbali zonse ziwiri zinali zokwiya ndi zamantha. Pasanapite nthawi yaitali 12 koloko usiku itakwana, sayirini inalira ndipo makompyuta ananena kuti America yaponya mzinga. Kenako wachiwiri, wachitatu, mpaka isanu. Ntchito ya Petrov inali yodziwitsa akuluakulu ake, ndipo iwo akanakhala ndi mphindi zowerengeka zoti asankhe kubwezera kapena ayi.

Iye anaganiza kuti dziko lofuna kuyamba nkhondo ya nyukiliya silingaponye mizinga isanu yokha, lingaponye mazana nthawi imodzi. Ankadziwanso kuti makinawo anali atsopano, ndipo ma radar a pansi anali asanaone kanthu. Anaimba foni n'kunena kuti makina alakwitsa, asanakhale ndi umboni wokwanira. Kufufuza kunadzaonetsa kuti masetilaiti anapusitsidwa ndi kuwala kwa dzuwa kumene kunanyezimira pa mitambo ya m'mwamba kwambiri.

Boma lake silinamupatse mendulo. Anamudzudzula chifukwa sanalembe bwino m'buku la zochitika za usikuwo, ndipo iye ankati sakanatha kulemba popeza dzanja lina linali ndi foni, lina linali pa chida choyankhulira ndi anzake. Nkhaniyi inakhala yachinsinsi mpaka m'zaka za m'ma 1990, pamene mkulu wake wakale, Yury Votintsev, anaiulula. Petrov anamwalira mu May 2017 m'tauni ya Fryazino kufupi ndi Moscow, ndipo manyuzipepala a kunja anadziwa za imfa yake mu September.